Kamera Yopalidwa ya Mayi Musaphethire

Dzina loti Musaphethire anamupatsa ndi ana a sukulu. Akawandandalika pamzere, aatali kumbuyo, aafupi kutsogolo, ankakweza dzanja lamanzere n'kunena kuti musaphethire, ndipo anawo ankaphethira dala mpaka aphunzitsi atakwiya. Dzinalo linachoka kusukulu n'kulowa m'misika, m'matchalitchi ndi m'maholo a maukwati, moti patapita zaka ngakhale apongozi ake ankamuitana choncho akakhala kuti akondwa naye, zomwe sizinkachitika kawirikawiri.

Anali mayi wamfupi wojintcha, phewa lakumanja lotsika pang'ono chifukwa cha lamba wa chikwama cha kamera. Ntchitoyi sanaiphunzire kusukulu. Ali mtsikana ankagulitsa mabatire ndi mababu m'sitolo ya munthu wina, ndipo kuseri kwa sitoloyo kunali kachipinda kopanda windo komwe kunkagwira ntchito bambo wokonza makamera. Bamboyo aliyense ankawatchula kuti Amisiri, ndipo eniake ankafuna zomwezo. Anali aatali, owonda, a zala zazitali zaukhondo ngati sanagwirepo dothi, osaseka wamba. Akamaliza kukonza kamera ankaikamo filimu n'kumutuma mtsikanayo panja kuti akaiyese, poti iwo dzuwa linkawalasa m'maso. Iye ankajambula chilichonse chimene chamuima patsogolo: wosoka nsapato ali timisomali kukamwa, mayi akukalipira mwana kwinaku akumupukuta mamina, galu akuyasamula pansi pa lole. Mwini malo otsukira zithunzi ndi amene anayamba kufunsa kuti kodi izi akujambula ndani. Amisiri anayankha kuti ikujambula ndi kamera.

Mtsikanayo ndi Amisiri anakwatirana, n'kubereka mwana mmodzi wamkazi. Makamera a filimu atayamba kutha n'kubwera a kakhadi, okonza ambiri anatseka zitseko, koma amuna ake anaphunzira zatsopanozo paokha, kuphwasula ndi kulumikiza, kuphwasula ndi kulumikiza, mpaka anazidziwa mkati ndi kunja. Zimenezo zinali zaka zabwino. Tsiku lina munthu anabweretsa kamera yaikulu yakuda imene inagwera m'madzi, ndipo atamva kuti yafa anaisiya pomwepo. Amisiri anaitola, anaifunira ziwalo m'makamera ena akufa, mpaka inatsegula diso. Anafika nayo kunyumba n'kuiika patebulo, amvekere ndakuukitsira mtembo uwu, kauyendetse. Mkaziyo anaseka mpaka misozi. M'zaka zonse za banja lawo, mphatso imene analandira inali yokhayo.

Kamera imeneyo inadyetsa nyumba, inaphunzitsa mwana mpaka kumaliza sukulu. Kenako kunabwera mafoni ojambula. Anthu anasiya kukonzetsa makamera. Ikawonongeka ankangoiponya m'kabati. Koma ukwati ndi ukwati, munthu safuna kudalira foni ya mlamu wake woledzera, choncho Musaphethire ankaitanidwabe pafupifupi Loweruka lililonse. Kachipinda ka Amisiri kanasanduka mogulitsira timatumba ta mafoni. Zipangizo zawo zinasamukira kunyumba, patebulo lodyera la pafupi ndi windo, ndipo banja linayamba kudyera pamiyendo.

Amisiri sankamwa mowa, sankamenya, sankagona kunja. Nkhanza zawo zinali zaukhondo ngati zala zawo. Mkazi akabwera kuntchito miyendo itatupa, iwo ankatenga kakhadi, kulowetsa mu kompyuta, n'kukulitsa chithunzi chimodzi mpaka nkhope ya munthu itasweka n'kusanduka timabokosi. Akatero ankamuitana kuti adzaone matope amene akugulitsa kwa anthu. Alendo akayamikira chithunzi cha pakhoma, iwo ankafotokoza mofatsa kuti mkazi wawo amangodina batani, ndipo kudina batani ngakhale nkhuku ikhoza, mutaiikira chimanga pamwamba pake. Alendo ankaseka, iyenso ankaseka nawo, n'kulowa kukhitchini kukaona madzi a tiyi amene anali atawira kalekale.

Chaka china Amisiri anawerenga pafoni nkhani ya makamera ojambula zakuda ndi zoyera zokha, ndipo inawalowa m'magazi. Ankaifotokoza m'mawa, masana, ngakhale pakudya. M'kati mwa kamera, kuseri kwa lenzi, muli kagalasi kakang'ono ngati sitampa kotchedwa sensa. Pakagalasi kameneka pali timaso tambirimbiri tosaoneka n'komwe, ndipo kalikonse ntchito yake ndi imodzi, kuyeza kuchuluka kwa kuwala kogwera pa iko. Mtundu sikaudziwa. Kuti chithunzi chikhale ndi mitundu, opanga makamera amamata pamwamba pake kakhungu kopyapyala ka utoto: kadiso aka kofiira, aka kobiriwira, aka ka buluu, tobiriwira n'kuchulukirapo. Kadiso kofiira kamalandira kuwala kofiira kokha, kwinako kumatayika. Ndiye kamera imafunsa timaso toyandikana nako n'kulota mitundu yotsalayo. Motero, malinga ndi Amisiri, pachithunzi chilichonse chimene mkazi wawo anajambulapo, gawo lalikulu linali lolota. Ukachotsa kakhunguko, kadiso kalikonse kamamwa kuwala konse, palibe kulota, palibe kumvera miseche ya oyandikana nako, ndipo chithunzi chimatuluka chakuthwa ngati lumo ngakhale m'chipinda chamdima.

Iye anafunsapo kamodzi kuti nanga mitunduyo ipita kuti. Anamuyankha kuti mitundu ndi ya ana ndi akazi.

Makamera opangiratu choncho anali a anthu olemera, ndiye anaganiza zodzipangira. Anatulutsa makamera akufa onse m'kabati. Ankachotsa sensa, kutenthetsa galasi lotchinga mpaka guluu atalekerera, kenako kuvala galasi lokulitsira zinthu n'kuyamba kupala utoto ndi kamtengo kotokosera m'mano. M'mbali mwa sensa muli timawaya tagolide towonda kuposa tsitsi. Kamtengo kakangokhudza kamodzi, basi, sensa yafa. Ankapala mpweya ataugwira, lilime lili panja pang'ono, ndipo nthawi imeneyo m'nyumba munalibe kusesa, kutsokomola kapena kutseka chitseko. Chitini cha mkaka chinadzaza ndi masensa akufa. Pomaliza imodzi inapulumuka, ya kakamera kachabechabe kosweka lenzi. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana chikwama cha mkazi wawo chimene chinali pampando. Iye anawaona, koma sanaganize kanthu.

Mwana wawo, amene anakwatiwa m'tauni ina, anali woyembekezera, ndipo masiku atakwana Musaphethire analongedza zovala ndi kamera. Amisiri anamuletsa ndi mawu ofewa amene iye anali ataiwala kuti ali nawo. Anati sensa yadetsedwa ndi fumbi, kumwamba kwa zithunzi kukuoneka timadontho, aisiye aipukute bwinobwino kuti ukwati waukulu umene unkabwerawo ukaipeze yoyera. Mdzukulu sathawa, adzamujambula ulendo wina. Mtima wake unasungunuka. M'basi ankangomwetulira yekha, n'kumati mwina ukalamba ukuwafewetsa.

Kuchipatala zinavuta, mwanayo anabereka ndi mpeni, ndipo mayi anakhalitsa kuposa mmene anaganizira. Anabwerera m'mawa wa tsiku la ukwati lenilenilo. Anapeza chikwama chopukutidwa, mabatire odzaza, lamba atamusoka pamene anang'ambika. Anawathokoza amuna ake n'kuthamanga.

Unali ukwati wa mwana wa mayi wina wogulitsa nsalu, mayi wa pakamwa, wodziwika tauni yonse. Mayiyo anatha miyezi akusankha mitundu: operekeza mkwatibwi zofiira, akuchimuna zobiriwira, maluwa achikasu, matebulo a buluu. Musaphethire analowa m'chipinda momwe ankavekera mkwatibwi, anadina koyamba, n'kuyang'ana pagalasi lakumbuyo kwa kamera. Chithunzi chinali chakuda ndi choyera. Anadziseka, poganiza kuti amuna ake asiya batani pamalo olakwika. Anabweza pa mitundu. Chinatuluka chithunzi cha mtundu umodzi wokha, wotuwa chapepo ngati nsalu yosuluka, nkhope, khoma, diresi, zonse chimodzimodzi. Anazimitsa, anayatsa, anachotsa batire, anabwezera. Apo m'pamene anakumbukira chitini cha mkaka chija.

Anatuluka kuseri kwa nyumba n'kuimba foni.

"Bambo, kamera mwaitani?"

"Jambula, iwe. Udzandithokoza. Koma usamale ndi dzuwa, pano ikumwa kuwala kwambiri."

Foni inaduka. Anayesa anzake ojambula, koma onse anali m'maukwati ena. Kuuza mayi wa nsaluyo pamaso pa mkwatibwi kunamukanika. Anajambula tsiku lonse, akukweza dzanja, akunena mawu ake aja.

Zofiira ndi zobiriwira zinatuluka zofanana, phulusa lokhalokha, moti akuchikazi ndi akuchimuna ankaoneka ngati ana a sukulu imodzi. Choipa kwambiri chinali diresi. Panja pa tchalitchi dzuwa linali paliwombo, ndipo diresi loyeralo linapsa n'kusanduka chibowo choyera, chopanda lesi, chopanda mkanda, chopanda mpindiro, mutu wa mkwatibwi uli pamwamba ngati angouikapo. Mwini malo otsukira zithunzi, amene tsopano anali ndi imvi, anayesetsa pa kompyuta n'kupukusa mutu. Anati pa kamera ya mitundu, mtundu umodzi ukapsa umakapempha kwa inzake iwiri n'kubwezako kenakake. Apa kopempha kunalibe.

Mayi wa nsalu anabwera komweko ndi achemwali ake. Anaona zithunzi zapamwamba zokha, zapansi sanazifike. Anafunsa mokweza kuti ndi odutsa pamsewu omwe amve.

"Kodi mwana wanga wakwatiwa kapena wamwalira?"

Anamuponyera mulu wonse kumaso, ndipo kona ya chithunzi chimodzi inamucheka pansi pa diso. Pofika madzulo nkhani inali m'mafoni a tauni yonse, diresi lopsalo pambali pa nkhope yake. Amene anamuitanira maukwati akutsogolo anayamba kuimba mmodzimmodzi kuti asavutike, ena sanaimbe n'komwe.

Kunyumba anapeza amuna ake atameta ndevu, atavala shati yabwino, akudikira kakhadi ngati mwana wodikira mphatso. Za chilonda cha pansi pa diso sanafunse. Analowetsa kakhadi, anakulitsa jekete la mkwati, anakulitsabe, ndipo chithunzi sichinasweke. Ulusi uliwonse unkaoneka paokha. Nsidze za mkwati zinkatheka kuwerenga. Amisiri anasendera pafupi ndi kompyuta, chimwemwe chili pankhope.

"Bambo, batani la zakuda ndi zoyera linalipo kale. Mukanangodina."

"Batani limaphimba bodza, silichotsa."

"Ndiye bwezeranimo. Ndapota nanu."

Anatsegula diroo, anatulutsa kachitsekerero ka botolo n'kumuikira m'dzanja. Munali kafumbi kakuda kosakwana kutsina ndi zala, ndi kathonje kodetsedwa.

"Mitundu yako ndi iyi. Bwezera."

Anapita kwa achimwene ake, oyendetsa lole, kukadandaula. Iwo anamvetsera akusenda lalanje, kenako anafunsa ngati alamu amumenya. Ayi. Apeza mkazi wina? Ayi. Ndiye banja lithe chifukwa cha utoto? Anamuuza kuti abwerere asanamve anthu, poti akazi ambiri angathamangire mwamuna wokhala pakhomo ngati ameneyo. Alamu ake aakazi, mlongo wawo wa Amisiri, anati kamerayo anaiukitsa ndi mwini wake, ndipo mwini mbuzi akafuna kuisenda safunsa m'busa. Kugula ina sakanatha. Anayamba kuchapa zovala ndi kukolopa m'makomo mwa anthu amene anawajambulapo pa maukwati awo, zithunzi zake zili m'makoma, zikumuyang'ana ali chogwada ndi ndowa.

Amene anamubwezera kamera m'manja anali mkulu wotsuka zithunzi uja. Kunabwera munthu wofuna chithunzi cha bambo ake odwala, amene sankadzukanso. Chipinda chawo chinali chamdima, kuwala kunkawapweteka, fulashi sankaifuna, ndipo mafoni ankangotulutsa matope. Mkuluyo anatchula Musaphethire, ndipo iye anapita chifukwa cha njala. Anatsegula katani pang'ono, malo okwana chikhatho, anakhala pampando mpaka wodwalayo atamuiwala, n'kudina. Chimene chinatuluka chinamuopsa iye mwini. Makwinya onse analipo, misempha ya pamanja, kuwala kwa windo m'diso limodzi, ndipo munthu amene bamboyo anali asanadwale ankasuzumira m'kati mwa nkhope yothayo. Mwana wa wodwalayo analira atachiona, n'kupempha kuti amutsukire zoti agawire abale onse.

Ntchito inayamba kubwera yokha. Anaiphunzira kamerayo ngati mmene munthu amaphunzirira kuyenda ndi mwendo wothyoka. Anadziwa kuti poyeza kuwala ayambire pamalo owala kwambiri, pilo kapena chipumi, poti mdima unkabwezeka koma chopsa sichinkabwerera. Anadziwa kuti m'mphepete monse munali mkombero wakuda, pomwe Amisiri anaopa timawaya n'kusiya utoto, ndiye ankaima patali pang'ono kuti akadule bwino. Kumanzere kunali kamzere ngati tsitsi, pomwe kamtengo kanaterereka. Ankakabisa m'katani kapena mumthunzi. Chimene chinkamuwawa kuposa zonse n'chakuti pa nkhani ya kuthwa ndi ya mdima amuna ake sananame. Sanawauze.

Koma anthu amene ankawajambulawo anali oti atsala pang'ono kale, ndipo ankamwalira, wina sabata yomweyo, wina mwezi wotsatira, zithunzi zake n'kumatsogola pamaliro. Anthu anayamba kuwerengera chammbuyo. Sanati amaitanidwa kwa amene akufa. Anati amene wawajambula amafa. Oitanira basi ankakuwa akamadutsa kuti tsopano wapeza makasitomala omvera, osaphethira mpaka kalekale. Amayi akamuona ndi chikwama ankakokera ana m'nyumba. Kutchalitchi benchi imene wakhala iye inkatsala ndi malo ambiri. Amisiri ankaseka nkhanizi, amvekere umbuli ndi matenda, sensa ndi galasi ndi waya basi.

Musaphethire atakonza zokaona mdzukulu, mwana wake anaimba foni. Anazungulira, anafunsa za nyengo, za miyendo, za abambo, kenako anafika.

"Amayi, kamera ija musabwere nayo. Apongozi anga sakugona nazo tulo."

Iye anavomera msanga, anati aisiya, palibe vuto. Mwanayo anapitiriza.

"Mwinanso inuyo mubadikira kaye. Mwana akuleko pang'ono."

Zithunzi za mdzukulu ankazionera pafoni, zojambulidwa ndi mkamwini, zopendekeka, theka la mutu lili kunja.

Kenako kunabwera bambo wa nyumba yoonetsera zithunzi, wa magalasi ozungulira ndi kachikwama kachikopa. Anaona ntchitoyo kotsukira zithunzi, anafunsa kuti yatuluka m'kamera yanji, n'kulondola mpaka kunyumba. Musaphethire anali kochapa. Mlendoyo anapeza Amisiri, ndipo awiriwo anakambirana za timaso ndi utoto mpaka dzuwa kupendeka. Pochoka ananyamula zithunzi zonse za mu kompyuta. Musaphethire anadziwa za chionetsero tsiku limene anauzidwa kuti asite shati yoyera ndi kupukuta nsapato.

Anapita nawo, atawanyamulira jekete. M'chipinda chachikulu cha makoma oyera munali anthu ake onse, okulitsidwa kuposa chitseko. Pansi pa chithunzi chilichonse panali dzina la amuna ake. Zimenezo akanapirira. Koma mlendo uja sanasankhe zimene iye anapereka kwa mabanja. Anasankha zimene iye anazikana, zimene sanatsukepo: mphunzitsi wopuma pantchito kukamwa kuli yasa, dovu likutsika, mayi wina bulangete litatsetsereka, chifuwa chili pamtunda, mkulu wina akulira pomutembenuza. Anthu ovala bwino ankaima patsogolo pake ndi matambula m'manja n'kumati taonani kuthwa kwake. Amisiri anaima pakati, akufotokoza za kamtengo kotokosera m'mano, ndipo anthu ankaseka pamalo oyenera kuseka. Wina atafunsa za mayi wa jeketeyo, anati ndi amene amawanyamulira chikwama.

Zithunzizo zinalowa m'mafoni, zinafika kwa eni odwala. Iwo dzina la pansi sanaliwerenge. Ankadziwa mayi amene iwo anamutsegulira chitseko, amene anamupatsa mpando pafupi ndi bedi. Anabwera pageti masana dzuwa likuswa mtengo, ana a mphunzitsi uja ali kutsogolo. Mwana wamwamuna wa mayi wa bulangete sanakuwe. Anamuyandikira, anamufunsa motsitsa mawu ngati iye sanabadwe kwa mayi, kenako anamulavulira kumaso. Mkazi wina anamukoka tsitsi mpaka anagwera m'ngalande. Nthawi yonseyo katani ya pawindo la tebulo inali yotsegula pang'ono, ndipo iye ankaona diso limodzi la amuna ake. Chitseko chinali chokhoma mkati. Anthu atabalalika anamutsegulira, n'kumuuza kuti asalowe ndi matope, patebulo pali sensa yovundukula.

Chionetsero chinatsekedwa, wa magalasi ozungulira anasiya kuyankha foni, ndipo palibe amene anamuitaniranso kwa wodwala. Anabwerera kochapa, kwa amene ankamulolabe kulowa.

Patapita zaka zingapo Amisiri anagwa pampando m'mawa wina, sikuludiraiva ili m'dzanja. Anachokera kuchipatala mbali imodzi itafa, pakamwa patapotoka, mawu akutuluka theka. Iye anawasamala mosaperewera: kuwasambitsa, kuwadyetsa ndi supuni, kuwatembenuza kuti asachite zilonda, kuchapa zofunda tsiku ndi tsiku. Tsiku lina akusesa anasolola chikwama cha kamera kunsi kwa bedi n'kuchiika pampando. Anamva kubuula. Amuna ake anali atatong'ola maso, dzanja lamoyolo likukankha mphepo, akuyesa kunena kuti chotsa. Munthu wa galasi ndi waya uja ankaopa.

Anaima ndi tsache kanthawi. Kenako anatsegula chikwama, anatulutsa kamera, anachotsa chotsekera lenzi, n'kuiika pampando moyang'ana bedi.

"Siijambula yokha, bambo. Odziwa ndinu."

Batire inali itafa kalekale, koma zimenezo sanawauze. M'mawa uliwonse akamaliza kuwasambitsa ndi kuwadzoza mafuta, ankakokera mpandowo pafupi, nthawi zina n'kuika chala pabatani osadina, n'kupita kochapa. Pobwera ankapeza zofunda zitanyowa, khosi litapotokera kukhoma. Ankasintha zofundazo, kuwongola khosi, kuwadyetsa. Alendo akagogoda ankaibweza m'chikwama, ndipo alendowo ankatuluka akuyamikira kuti akazi otere anatha kale padziko. Masabata oyamba mtima wake unkamva kukoma, kukoma kolasa ngati madzi ozizira padzino lobowoka. Pambuyo pake sankamvanso kalikonse, koma mpando ankaukokabe, monga mmene ankayatsira moto kapena kutsekula windo. Amisiri anamwalira nyengo yozizira, nkhope ili kukhoma.

Maliro atatha, mlongo wawo anabwera ndi galimoto yobwereka n'kutenga tebulo, zipangizo, kompyuta ndi kamera, poti zonsezo linali thukuta la malemu. Musaphethire anathandiza kunyamula. Mwana wake anabwera ndi mdzukulu, amene tsopano anali atayamba sukulu, ndipo atauzidwa kuti apereke moni kwa agogo anabisala kuseri kwa siketi ya mayi ake. M'mawa mwake awiriwo anakwera basi yoyamba.

Masiku ano amagwira ntchito kotsukira zithunzi kuja. Mkulu wa imvi anapuma, malowo akuyendetsa ndi mkamwini wake, amene anamulemba chifukwa apongozi anachita kumupempha. Ntchito yake ndi kudula zithunzi za ziphaso ndi kulowetsa zinazo m'maenvulopu. Amakhala pakona, pafupi ndi makina otentha, sizasi ili m'dzanja. Nthawi zina chithunzi chikatuluka amachigwira n'kuchipendeketsa, kuona pamene wojambulayo anaima ndi pamene akanaima. Posachedwapa bwanayo anamupeza atagwira cha ana okhala panjinga yamoto, makasitomala ali pamzere mpaka pakhomo. Anamuuza pamaso pa onse kuti agogo, munabwera kudzadula osati kudzaonera, ndipo ngati maso atopa kunja kuli atsikana ambiri ofuna mpandowo. Iye anapepesa, analowetsa chithunzicho mu envulopu, n'kuitana wotsatira.